Mwala Wobatizira wa ku Brantoft

Hamon anafika ku Brantoft nyengo yometa nkhosa, atakoleka thumba la nyundo ndi matchizulo paphewa, ngolo ya ng'ombe ikumutsata ndi chimwala choyera. Anamuitanitsa ndi Bwana Thurkell, mwini minda yonse ya m'mudzimo, kuti aseme mwala watsopano wobatizira poti wakale unali utang'aluka. Bwanayo anafuna wa mbali zisanu ndi zitatu, pambali iliyonse pakhale chishango cha banja lake. Anthu olemera mukuwadziwa kale. Ngakhale khanda la mbusa likamabatizidwa, amafuna lizidziwa kuti mudzi uli ndi eni ake.

Ntchito ya Hamon inali kusema maukwati a anthu ena. Chishango chilichonse amachidula pakati ndi mzere, theka ili chizindikiro cha mwamuna, theka linalo cha kwawo kwa mkazi. Mkango wa a Thurkell unakwatira zigoba zitatu, pena mutu wa nguluwe, pena timbalame topanda miyendo. Koma mwini wake wosemayo, imvi zitayamba kale m'mbalimu, analibe ndi womufunsa kuti wadzuka bwanji. Amagona m'chisakasa chotsamira khoma la tchalitchi. Midzi yonse imene anagwiramo ntchito inkamukonda kufikira tsiku lomaliza, akangotembenuka basi yamuiwala.

Chakudya chake amabweretsa amayi a m'mudzimo mosinthanasinthana. Mmodzi wa iwo anali Emmot, woweta atsekwe kuseri kwa manda, amene mwamuna wake anamwalira nthawi yokolola n'kumusiya ndi pakati. Tsiku lake likakwana amabwera ndi buledi wa balere ndi tchizi. Tsiku la anzake likakwana amabweranso, ati atsekwe asochera cha kuno.

"Koma a Hamon," anatero tsiku lina akuloza chishango, "timbalame tanuti timatera bwanji, miyendo mulibe?"

"Sititera, mayi. Timangouluka."

"Ndiye mwadzisema nokhatu apa."

Hamon anaseka, koma mawuwo anamukhala pamtima sabata yathunthu. Anamukonda mkaziyo, anamukonda zedi, ndipo anapangana ndi mtima wake kuti mwana akabadwa, mayi wake n'kukayeretsedwa kutchalitchi, adzalankhula. Akadzalola, thumba la nyundo lija adzalikoleka pakhoma la Emmot osalinyamulanso.

Sibley, mzamba wa m'mudzimo, anali ndi maso a kabawi ndi pakamwa posatseka.

"Iwe wamiyala, ulankhula liti? Mwala ukuusisita tsiku lonse, munthu ukumuopa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna!"

"Munthu akali pachisoni, amayi. Mimbayo ndi ya malemu. Ndiyambire pati?"

"Yambira pakamwa, chitsiru iwe."

Mbali yachisanu ndi chitatu inayang'ana chipilala, malo oti palibe amene angasuzumireko. Bwana Thurkell maukwati anali atamuthera, ndiye wansembe, Bambo Osbert, anati asemepo chilichonse. Hamon anajambula chishango, n'kuchidula pakati monga zinzake. Theka la mwamuna anasemapo kanyundo. Linalo analisiya losalala, koma tsekwe wa Emmot anali atamuyeza kale ndi chala.

Pasaka atapita, mwala utadalitsidwa n'kuthiridwa madzi ake, mvula inagwa yosalekeza. Mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho. M'mawa wina amuna onse anathamangira kudambo kukapulumutsa nkhosa, ndipo Hamon anatsala yekha m'tchalitchi, atagwada kuseri kwa chipilala. Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Analowa Sibley atanyowa chonchi, atafukata kansalu, pambuyo pake Bambo Osbert ndi makiyi a chivundikiro cha mwala, kenaka Wat woimba belu, nkhalamba yogontha.

"Emmot wachira," anatero Sibley akupuma wefuwefu. "Mwana wamwamuna, koma sakulira. Ndimati ndimuthire madzi konko, mayi wake wakana kwamtuwagalu. Akuti m'mwala wa a Hamon womwewu."

Hamon anasuzumira m'nsalumo. Kamwanako kanali kobiriwira milomo, kakupuma mobanika.

"Mwana wamwamuna amafuna mayi wa ubatizo mmodzi ndi atate awiri," anatero wansembe akutsegula loko. "Amalume ake ali kutsidya, awoloke ndi mapiko? Sibley alipo, Wat alipo. Hamon, pukuta m'manjamo."

Abale, ku Brantoft ngakhale wosenza madzi amadziwa lamulo ili. Wovuula mwana m'madzi a ubatizo amasanduka mbale wa mayi wa mwanayo pamaso pa Mulungu, chibale cholimba kuposa cha magazi. Awiriwo sangakwatirane mpaka kumanda.

"Abambo, mmodzi sakwana?" anafunsa Sibley. "Wat yekhayu?"

"Mwambo sindinaupange ndine, mayi. Muno si m'khitchini mwanu."

Bambo Osbert sanali munthu woipa ayi, koma kuuma mutu kokhako, Mulungu awakhululukire. Sibley anatembenukira kwa Hamon n'kutsitsa mawu. Nthabwala zonse zinali zitamuthera.

"Kana, mwana wanga. Ndithamangira kudambo, ndikakoka aliyense."

Kudambo kunali kutali, matope ofika m'mawondo. Ndipo mwana wofa wosabatizidwa samuika pamodzi ndi anzake. Amamukwirira kunja kwa mpanda, popanda belu, popanda dzina. Hamon anaona Emmot akudutsa pamenepo tsiku ndi tsiku ndi atsekwe ake. Kamwana kaja kanatsegula pakamwa, mpweya osatuluka.

Anapukuta fumbi la mwala pamalaya ake n'kutambasula manja.

Wansembe anaika mchere palilime la mwanayo, anathamangitsa Chilatini chake, n'kufunsa dzina. Mwambo wake ndi woti mwana amatenga dzina la womuvuula. Wat sanamve n'komwe funsolo.

"Hamon," anatero Hamon.

Wansembe anamumiza m'madzi ozizirawo. Hamon atamuvuula n'kumufukata m'manja mwake, mwanayo anakoka mpweya, ndiye kulira kwake! Analira mpaka nkhunda za kudenga zinabalalika. Wat anaona pakamwa pokha n'kuyamba kuwomba m'manja. Sibley anagwetsa misozi, ndipo si mwana yekhayo amene amamulirira.

Mwanayo anakhala moyo. Kuyamwa kwake, akuti mayi wake amachita kudandaula. Hamon anatenga tchizulo n'kupala kanyundo kaja pamodzi ndi mzere wake, mpaka chishango chonse chinatsala mbee. Wansembe atafunsa, anati mwala unali ndi mtsempha woipa pamenepo.

Mudzi tsopano unamutsegulira makomo. Amuna amamukokera kumowa, amayi amamutumizira mazira, onse akuti ndiwe wathu tsopano, uli ndi mwana muno. Chimene anachilakalaka moyo wake wonse anachipeza, koma chinamuwawa ngati chilonda. Amakhala pakati pawo chikho chili m'manja, akuseka pamene anzake aseka, kenaka n'kubwerera kuchisakasa chake kukayang'ana khoma. Emmot sanamuone masabata onsewo, poti mayi wochira satuluka m'nyumba asanayeretsedwe.

Tsiku loyeretsedwa litapita, Emmot anabwera yekha kuchisakasa, mwana ali m'manja. Anali atawonda. Hamon anaimirira, n'kusowa poika manja ake.

"Sibley atabwera naye ndinamufunsa dzina," anatero Emmot. "Atanditchulira ndinatembenukira kukhoma. Amayi onse amayesa ndikulira ndi chimwemwe."

"Amafa, mayi."

"Ndikudziwa. Mukanakana, mwana n'kufa, sindikanakuyang'ananinso kumaso. Ndikudziwa zonsezo." Anakonza kansalu kumutu kwa mwana. "Koma dzinja lonse lija, a Hamon? Ndimabwera ndi buledi tsiku losakhala langa. Mumayesa atsekwe amasocheradi?"

"Ndimadikira nthawi yabwino."

"Mukanangonena liwu limodzi, tikanapangana pamaso pa anthu. Ndani akanakuuzani kuti pukutani m'manja? Bambo Osbert akanathamangira okha kudambo."

Zinali zoona, ndipo Hamon anazidziwa kuyambira m'mawa uja.

Emmot anamupatsira mwanayo. Anali wolemera, wofunda, ndipo anagwira chala chokhakhala cha Hamon n'kuchikokera kukamwa.

"Kapitawo wa abwana anabwera dzulo," anatero Emmot akuyang'ana pansi. "Akuti munda sungagone chaka china wopanda mwamuna woulima. Ndikapanda kusankha ndekha, andisankhira. Ranulf wa kuchigayo wafunsira. Si munthu wankhanza. Amadya motafuna mokweza, basi."

"Mwalola?"

"Ndikanatani? Tikalumbira pakhomo la tchalitchi tikatha kumweta udzu. Bambo anga anamwalira, mlongo wanga ali kutsidya ndipo sitimvana. Pamafunika mwamuna wa kwathu wondigwira dzanja n'kulipereka kwa Ranulf. Ndayang'ana mudzi wonsewu. Wachibale amene ndimamukhulupirira ndi mmodzi yekha."

Kunja atsekwe amakangana pa chithaphwi. Hamon anayang'ana mwana, anayang'ana mayi wake. Dzanja limenelo anali asanaligwirepo chiyambire.

"Mudzaima nane, achimwene?"

"Ndidzaima," anatero Hamon.