Dzina Lachiwiri pa Kaundula

Byeon Tae-sik anali katswiri pa ulimi wa adyo, koma nkhani ya sukulu inamusowetsa mtendere mwezi wonse wa Novembala. Mwana wake Na-rae ankamaliza pulayimale, ndipo m'boma lawo munali sukulu ziwiri zoti apitirizeko.

Ya kutauni inali ndi ana mazana atatu komanso timu ya atsikana oponya mivi, imene Na-rae ankailota usana ndi usiku. Vuto lake linali ulendo wa pa basi wa ola lathunthu. Ya kumudzi inali kungowoloka mlatho, chakudya chokoma, aphunzitsi ochuluka kuposa ana. Ana a pasukulupo analipo asanu ndi awiri basi. Chaka chimenecho, m'chigwa chonsecho, woyenera kuyamba kumeneko anali Na-rae yekha, ndipo akuluakulu a maphunziro anali atanena kale kuti kalasi yoyamba ikasowa munthu, sukuluyo itsekedwa.

Anthu a m'mudzi sankanena mwachindunji, anali ochenjera. Ankangobwera ndi maapozi m'manja.

"Bambo a Na-rae, paja inunso munaphunzira pompaja, eti?"

Maapoziwo Tae-sik ankadya, koma kukoma kwake sankakumva.

Amayi ake, a Sun-rye, a zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, anamumvetsera akuyerekeza sukuluzo pa chakudya chilichonse mpaka anatopa naye.

"Iwe, mwana wako wasanduka mzati wa sukulu? Mtumize komwe akufuna."

"Nanga anthu andiona bwanji, amayi?"

"Ndi maso omwe amakuonera masiku onsewa."

Tae-sik anamulembetsa mwanayo kutauni. M'mawa mwake ananyamula mtolo wa adyo wopepesera n'kupita kwa mphunzitsi wamkulu wa kumudzi, mayi Pyo, akuyenda ngati wopita kukalengeza maliro.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapepesa. Ndakupherani sukulu."

"Mwapha sukulu iti?" anatero mayi Pyo, akuseka. Anamutembenuzira kaundula wa kalasi yoyamba.

Panali mayina atatu. Onse anali a amayi achikulire amene anamaliza pulayimale kalekale, makolo n'kuwatumiza kumunda. Dzina lachiwiri linali la amayi ake.

"Anabwera Lachiwiri, atakoka anzawo awiri. Anandifunsa ngati mipando yathu imafunsa zaka."

Tae-sik anakhala pampando osauzidwa. Mtima unakhala pansi, mpaka anaseka misozi ili mbwembwembwe. Kenako manyazi anamugwira, chifukwa moyo wake wonse anali asanawafunsepo amayi akewo ngati sukulu ankaifuna.

Kunyumba anapeza Na-rae akuwayeza agogo ake m'chiuno ndi tepi, kukonzekera yunifolomu.

"Agogo, pumirani m'kati!"

"Ndipumire m'kati kuti ndife ndisanayambe sukulu?"

"Amayi," anatero Tae-sik ali pakhomo, "osandiuzako bwanji?"

"Unali wotanganidwa, ukuyerekeza sukulu. Ine yanga ndinasankha ndili msinkhu wa uyu, bambo anga n'kukana." Anakweza manja kuti tepi idutse bwino. "Ndiye sukulu zikatsegulidwa mu Malichi uzilawirira. Pakhomo pano ana asukulu alipo awiri."