Nambala ya Pansi pa Girisi

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, choncho makina opopera madzi anangokhala phee pansi pa mtengo wa mango, ndipo Dixon anayamba kutsuka injini ya galimoto ya Bana Chewe ndi manja. Sizinamudandaulitse. Pa anthu onse otsuka magalimoto m'mbali mwa msewu wa ku Lilanda, iye yekha ndiye ankaumirira kuti injini saikhuthulira madzi ngati ng'ombe. Anadikira kaye kuti izizire, n'kumasula batire, n'kuphimba alitaneta ndi kabokosi ka mafyuzi ndi mapepala apulasitiki a buledi. Kenaka anatenga chitini cha palafini, burashi yopentera ndi mswachi wakale.

"Ba Dixon, mwaivalika monga mwana ayenda ku sukulu mu mvula," anatero Bana Chewe atakhala pa kreti yotembenuza.

"Manzi akangena apa, mailo muzayenda na mendo, amai."

"Awe, osakamba so. Ine nifuna chabe nambala ioneke. Bananiuza ati injini ikankhala yakuda bazanibweza."

Dzina lawo linali Virginia, koma aliyense ankawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba. Ankagulitsa nkhuku pamsika wa Lilanda. Zaka zonse ankanyamula nkhukuzo pa minibasi, akukangana ndi makondakitala omwe sankafuna nthenga pamipando, mpaka masabata atatu apitawo pamene anagula kagalimoto kotuwa aka. Tsiku lotsatira ankayenera kupita nako kwa apolisi oona magalimoto, omwe amafananitsa nambala yodindidwa pa injini ndi yolembedwa m'buku la galimoto, kuti bukulo lisinthidwe likhale m'dzina lawo.

Wogulitsa galimotoyo anali Fred wa ku komboni ya George, mwamuna wa Tiwo, mlongo wake wa Dixon. Amene anamulumikiza ndi Bana Chewe anali Dixon yemweyo. Tsiku limenelo anachita kudziguguda pachifuwa pamaso pa mayiwo, nati mlamu wake ndi munthu wolongosoka. Akananenanso chiyani? Ngakhale makina omwe anali pansi pa mangowo anali a Fred, anamupatsa chaka chimene ntchito yaulonda inamuthera.

Bana Chewe anadzuka n'kukutumula chitenje. "Nipiteko ku maliketi nione ngati nkhuku zanga zikali na moyo na kupya uku. Nizabwela manje manje."

Dixon anatsala yekha ndi ntchito yake, ndipo umu ndi mmene ankakondera. Anayambira pamwamba kutsikira pansi, akupaka palafini pang'onopang'ono, kudikira kuti litsiro lifewe, kenaka n'kupukuta ndi chiguduli. M'makona momwe chala sichikanalowa ankalowetsamo mswachi. Zaka khumi ndi chimodzi zinamuphunzitsa kuwerenga litsiro la injini. Fumbi lofiira linkamuuza kuti galimoto imayenda misewu ya ku Chazanga, matope akuda onunkha ankamuuza za madzi osefukira a ku Kanyama. Litsiro lenileni limabwera mosanjikizana, chaka pamwamba pa chinzake, ndipo limachoka movuta.

Atafika m'mbali mwa injini, pafupi ndi pomwe imalumikizana ndi giyabokosi, dzanja lake linaima. Pamenepo panali girisi wochindikala, wofewa, wosakaniza ndi mchenga. Ameneyu sanabwere ndi msewu. Mizere ya zala za munthu amene anamumata inkaonekabe.

Anakokolola girisiyo ndi kamtengo, n'kudutsitsapo mswachi wa palafini, n'kuwalitsa ndi tochi ya pafoni. Nambala inalipo ndithu. Koma malo omwe inakhalapo, m'malo mokhala osalala, anali olowa mkati ngati supuni, odzaza ndi timikwingwirima ta chopalira zitsulo. Zilembo zake zinali zopendekeka, china chozama, china chosaoneka bwino. Dixon anali atatsuka mainjini ambirimbiri, ndipo ankadziwa kuti kufakitale sadinda nambala ndi dzanja lonjenjemera. Wina anafufuta nambala yeniyeni n'kukhomapo ina. Galimoto sachita nayo zotero ngati ili yabwino.

 Anapukuta zala pa ovolosi n'kuimbira mlamu wake.

"Mulamu wanga wa golide," anayankha Fred mosangalala, kumbuyo kukumveka wailesi.

"Ba Fred, nili na motoka ya Bana Chewe pano. Nasuka injini."

Wailesi ija inazima. "Yonse?"

"Yonse. Nafika na pa nambala."



"Mvelani, mulamu," anatero Fred motsitsa mawu. "Ni nkhani ing'ono iyi. Bwezanipo oilo yakale na kafumbi, pang'ono chabe, nambala ioneke koma vokwalika vibisike. Imwe ndimwe katswili, muziba mochitila. Kuja ku polisi kumankhala motoka zambili, sibasuzumila maningi."

"Nanga bakaona?"

"Bakaona ni nkhani ya bamai abo. Buku ilibe zina yanga, kaili."

"Ndine ninabaleta kuli imwe, Ba Fred."

"Na ine ndine nidyesa mulongosi wanu na bana batatu. Ganizani bwino."

Foni inaduka. Dixon anakhala pa kreti pomwe panali Bana Chewe. Anali ndi mkwiyo, koma mkwiyowo unali wochepa poyerekeza ndi mantha, ndipo mantha akewo sanali a apolisi. Chomwe chinamuopsa n'chakuti ntchito yomwe Fred anamupempha ankaidziwa bwino lomwe. Ankadziwa oilo wake, ankadziwa fumbi lake, ankadziwa ngakhale mopemerera kuti liume lioneke lakale. Mphindi zisanu zikanakwana.

Dixon ndiye analera Tiwo yekha makolo awo atamwalira ku Matero. Anamulipirira sukulu ndi malipiro aulonda, ndipo pa ukwati wake iye ndiye anaima m'malo mwa bambo. Tsopano Tiwo anali ndi nyumba ya mabuloko, ana atatu onenepa bwino, ndi mwamuna yemwe sanamukwezerepo dzanja. Kodi mlongo wakeyo ankadziwa kumene kunkachokera magalimoto omwe ankagona pabwalo pake masiku awiri n'kuzimiririka? Dixon ankakhulupirira kuti sankadziwa. Kunena zoona, nayenso sanafunsepo, chifukwa munthu amene wakupatsa makina sumufunsa mafunso ambiri.

Anadzuka n'kukatenga chigubu cha oilo wakutha chomwe ankasungira anthu opaka matabwa a zimbudzi. Anathira pang'ono m'chitsekerero, n'kutapa fumbi pansi, n'kusakaniza ndi chala. Anawerama m'boneti, chalacho chili chakuda. Pamenepo anaona m'maganizo mwake mmene mawa likanakhalira: Bana Chewe ali pamzere atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, buku lili m'manja, akumwetulira wapolisi. Wapolisiyo akanati apukute ndi chala chimodzi chokha, mayiwo sakanabwerera kwawo tsiku limenelo. Ndipo akanati asaone, akanayenda ndi galimoto ya mwini zaka ndi zaka, mpaka tsiku lina pamsewu wina. Anaimirira chomwecho nthawi yaitali, msana mpaka kuwawa.

"Mukali chabe? Namiletelani munkoyo wozizila."

Bana Chewe anali atafika kale kumbuyo kwake, botolo la chakumwa chonga thobwacho lili m'manja. Anasuzumira m'boneti n'kuseka mokondwa. Mapaipi anali akuda bii ngati atsopano, zitsulo zikuwala, ngakhale zilembo za pa zitsekerero zinkawerengeka.

"Iyi ni motoka yanga iyi? Munthu angadyelepo apa."

Dixon sanalandire botolo lija. Anapukuta chala chake pa chiguduli, n'kuchipukutanso, ngakhale chinali chitayera kale.

"Amai, ikani pansi munkoyo. Nipaseni kwanja yanu."

Anagwira chala cha mayiwo n'kuchitsogolera m'mbali mwa injini mpaka pa nambala paja.

"Mwamvela bwanji?"

"Pali monga kamugodi. Pokakala."

"Pafunika kunkhala posalala monga mbale. Iyi nambala si yake. Banafuta yakale na gilainda, baikapo inangu. Motoka iyi ni yakuba, amai."

Bana Chewe anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Sanakuwe, sanalire. Anayang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, komwe anali atamangirira kale madengu awiri a nkhuku zamawa. Nkhope yawo inagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba Dixon anaona kuti mayiwa anali munthu wamkulu ndiponso wotopa.

"Ba Fred baziba?"

"Baziba. Nabatumila foni. Bakamba ati nibwezepo doti."

Maso a mayiwo anagwera pa chitsekerero cha oilo wosakaniza ndi fumbi chomwe chinali pamwamba pa batire. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana Dixon. 

"Munasakaniza," anatero Bana Chewe.

"Ninasakaniza. Sininapake."

Mayiwo anagwedeza mutu. Anapotokola nsonga ya chitenje.

"Ine siniyembekeza mailo kuti bakanigwile monga kawalala," anatero pomaliza. "Niyenda ku polisi lelo, neka, nikabauze. Koma bazanifunsa ati uyu Fred munamuziba bwanji. Ndimwe munakamba ati ni munthu wabwino, Ba Dixon. Vamene mwaniuza pano, mungakambe kuja?"

Dixon anatembenukira ku makina aja pansi pa mango. Anadziwa kuti mawa sadzakhalaponso, koma zimenezo zinali zazing'ono. Chachikulu chinali chakuti pakamwa pomwe panavomereza ukwati wa Tiwo ndi pomwe pankapita kukautekesa.

"Nizakamba," anayankha.

Anachotsa mapepala a buledi aja, n'kuumitsa mawaya ndi chiguduli chouma, n'kumangitsa batire. Anataya zosakaniza zija mu ngalande, n'kutseka boneti. Injini inakana kamodzi, kachiwiri inalira bwinobwino, ndipo Dixon anakhala kumpando wakutsogolo osavula ngakhale ovolosi.

Msewu waukulu unali utatsekedwa ndi anthu okumba ngalande, choncho anakhotera njira yafumbi yodutsa m'George. Dixon anazindikira mochedwa kumene njirayo inkadutsa. Pageti lobiriwira, Tiwo ankayanika mayunifolomu a ana pa waya, zopanira zovala zili kukamwa. Anaidziwa galimotoyo patali. Analavulira zopanirazo m'dzanja n'kuthamangira kumsewu akumwetulira.

"Ba Dixon, simuima? Naphika kapenta yamene mukonda!"

Bana Chewe anachepetsa liwiro n'kuyang'ana Dixon, phazi lili pa buleki, kudikira kuti anene yekha. Iye anakweza dzanja kumupatsa moni mlongo wake, koma dzanjalo linathera panjira.

"Tiyeni, amai," anatero motsitsa. "Nikaseluka pano, sinizakwelanso."

Galimoto inapitirira. Pagalasi la m'mbali Dixon anamuona Tiwo ataima pakati pa msewu, kayunifolomu konyowa kali paphewa, akubayibitsabe.