Chuku cha Kuno

Mlongo wa wokonza njinga analowa m'shopu atavalabe jasi loyera la ku labotale, nayika kambale kagalasi pakati pa masipanala. M'katimo munamera kanthu konga fumbi, kobiriwira mopita kuchikasu.

"Achimwene, ichi chachokera m'chimanga chanu chija."

Wokonza njinga anapukuta manja pabuluku. Mwana wake wamkazi wa zaka zinayi anali atagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi, maso achikasu, mimba itatupa, ndipo madokotala ankangoyankhula zozungulira. Bamboyo anali atatopa, ndipo kutopa kwake kunkatulukira m'nthabwala.

"Zaka zonse zija kusukulu, chemwali, kuti udzandiuze kuti chuku ndi chuku? Kwathu tinkangoyanika padzuwa, kupeta, basi. Tinafa?"

"Dzina ndi limodzi pakamwa pathu pokha. Pa makina oonera tinthu tating'ono pali mitundu mazanamazana, uliwonse ndi dera lake. Chakwathu kumapiri chinali chotuwa, chaubweya, chokonda kuzizira. Chakunochi chimakonda kutentha, ndipo chimasiya poizoni m'njere. Poizoniyo amadya chiwindi."

"Ndinayanika masiku atatu."

"Dzuwa silimupha."

"Nanga pophika?"

"Ngakhale moto."

Mlongoyo anafuna kunena kuti safunsa anadya phula, koma anawameza mawuwo. Akanafunsa chiyani munthu woti mawu amene anakula nawo anamuuza kuti chinthucho ndi chimodzi? Anamva chisoni, komanso mkwiyo wosadziwa woupatsa.

Wokonza njinga anakhala pa tayala lakutha. Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi, kuti denga litadonthera chimanga anasankha yekha njere zabwino n'kupatsa apongozi ake, kuopa manyazi. Zothimbirirazo anagayitsa kuti zikhale za pakhomo.

"Akulufe tinkadyako madzulo okha," anatero. "Mwanayo ndiye phala m'mawa, phala masana."

"Ufa wotsalawo mukautaye lero. Ndikawauza madokotala choti ayeze."

Nkhope ya bamboyo inasintha.

"Chakudya cha m'chipatala amachikana," anatero motsitsa mawu. "Mlamu wako amamuphikira phala la ufa womwewo kunyumba tsiku lililonse, kuti apezeko mphamvu. Wanyamuka ndi fulasiki posachedwapa."

Anayesa foni ya mkazi wake, inali yozimitsa. Anakoka njinga ya kasitomala imene anali asanaimange mabuleki, nakwera osatseka n'shopu yomwe.