Banjo Yoletsedwa pa Maliro a Che Zubair

Che Zubair anamwalira m'mawa, ndipo poti Asilamu sasunga maliro ngati chimanga cha m'nkhokwe, anati aikidwa ikangotha swala, pemphero lawo la masana. Uthengawo unamupeza Blackson ku Malindi akusoka ukonde. Anautaya pamchenga, n'kupalasa njinga ulendo wa ku Lungwena, banjo yake ya chigubu cha mafuta ili kumsana.

Kale anali atatu oimba m'maukwati: Zubair wopeka nyimbo ndi kuziimba, Blackson wa banjo, ndi Swadick wa ng'oma. Gululo linapasuka tsiku lomwe wailesi inatchula dzina la Zubair yekha. Swadick anati iye si chikopa choti chizingolira popanda dzina, n'kupita kukagulitsa usipa. Ngakhale ndi Blackson yemwe, Swadick analeka kupatsana moni.

Zubair atagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chosatha, anagwira Blackson pamkono. “Iwe Mkhristu iwe, ndikafa udzandiperekeze ndi nyimbo yathu ija ya mwera. Ndisapite mwakachetechete ngati katundu wakuba.” Blackson analumbira.

Koma pakhomo pa siwa anamuimitsa Che Mustapha, amalume a malemu.

“Achimwene, chigubucho mwabwera kudzatunga madzi?”

“Ndinamulonjeza nyimbo, bambo.”

“Munalonjezana awiri, ife kunalibe. Banja lino pamaliro siliimba, ngakhale sikiri, nyimbo zachisilamu zija. Moyo wake wonse watichititsa manyazi m'mabala. Lero lokha mulekeni apite ngati Msilamu.”

Banjo inatsala patsinde pa mango, pamodzi ndi njinga za anthu.

Jeneza, machira onyamulira mtembo aja, inatuluka mumzikiti. Amuna ankalandirana: uyu wasenza pang'ono, wasiyira mnzake. Blackson anangoima m'mbali mwa njira, manja ali lende. Kenaka chigongono chinamugunda m'nthiti. Fungo la usipa linamuuza mwini wake asanacheuke.

“Wangoima ngati mtengo wa magetsi,” anatero Swadick. “Lowa apa. Mtembo susankha phewa.”

“Andikaniza kuimba.”

“Atithandiza. Mawu akowo akanabalalitsa anamfedwa. Iwe luso lako lili m'zala basi. Tiye.”

Blackson analowetsa phewa kumbuyo kwa Swadick. Zubair anali atapepuka ngati bango louma, munthu yemwe kale ankathyola mabenchi a paukwati. Asanayende patali, Blackson anamva mtengo wa jeneza ukunjenjemera pafupi ndi khutu lake. Swadick ankaugogoda ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, maso ali kutsogolo ngati munthu wopemphera. Kanali kamenyedwe ka nyimbo ya mwera.

Blackson anayankha ndi chikhadabo, kukanda mtengowo monga amakandira waya wa banjo. Pamalo poti mawu a woimba alowe, onse awiri ankasiya mpata, n'kudikira, n'kupitiriza.

Ena atabwera kudzalandira, awiriwo anatuluka, n'kuzungulira kumbuyo, n'kulowanso. Anatero mobwerezabwereza, mpaka Che Mustapha anawaponyera diso lofiira.

“Anthu awiriwa akukakamira bwanji jeneza? Muli shuga?”

“Anali mnzathu, bambo,” anayankha Swadick, zala zisanaleke.

Manda a ku Lungwenako sali patali. Ndime yomaliza anaithamangira, n'kuimalizira pomwe okumba anatambasula manja kulandira mtembo. Blackson anabwerera m'mbuyo, phewa likuwawa, chikhadabo chitathyoka. Anathira nawo dothi, dothilo n'kugwa popanda phokoso, poti munalibe bokosi.

Pobwerera anayenda limodzi kumbuyo kwa gulu.

“Pandime yachiwiri wafulumira,” anatero Swadick. “Zaka zonsezi sunasinthe.”

“Ndiwe wachedwa. Usipa wakulemetsa zala.” Blackson anayang'ana chikhadabo chake chothyokacho. “Loweruka ndilipo. Tikhoza kuyesanso.”

“Woimba akhala ndani?”

Blackson anacheukira kumanda kuja. Anapitiriza kuyenda.