Zilembo Zosagwira Ntchito

Lezala linali litadya kale chilembo chimodzi pamene Chitsiriza ankalowa m'chipinda ndi zovala zomwe anaanula pachingwe. Azakhali a mwana wa malemu anali atakhala pabedi la malemuyo, juzi yasukulu ili pamaondo, akudula ulusi wofiira wa dzina la mwanayo pakolala n'kumauuzira pansi ngati nthenga.

Maliro anali ataikidwa dzana. M'nyumbamo munkanunkhabe mankhwala ndi maluwa ofota. Malemuyo, mkulu wake wa Chitsiriza, anali telala, ndipo anasiya mwamuna woyendetsa lole ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, komwe nthawi imeneyo kankamveka panja kakudumpha chingwe ndi ana a aneba.

Dzina la mwanayo si lachilendo. Mukaliitana pabwalo la sukulu, atsikana angapo amacheuka. Koma mayi ake anati mwana wawo sangavale dzina ngati yunifolomu. Pomwe aliyense amalemba i anaikapo y, chilembo chapakati anachibwereza, ndipo kumapeto anapachikako h yemwe satchulidwa n'komwe. Ankati h ameneyo ndi kampweya komwe munthu amatulutsa akaona chinthu chokongola. Chitsiriza anawakonda mawu amenewo moti anawonjezera zilembo padzina lake pamakope onse, mpaka mphunzitsi anam'koka khutu.

"Mukutani, azakhali?"

"Ndikusesa zinyalala."

Sanadzutse n'komwe mutu. Anati Lolemba akalembetsa mwanayo pasukulu yakufupi ndi kwawo, ndipo alibe nthawi yoima pamzere n'kumatchulira kalaliki chilembo chimodzichimodzi. Kuchipatala analemba mwina, kusukulu mwina, pakeke yatsiku lobadwa mwinanso. Mwana mmodzi mayina atatu, ndi wakuba kodi? Chikalata chakubadwa adzachisinthitsa, dzina lidzalembedwe monga amalembera anthu.

"Dzina lovala ndolo," anatero. "Zilembo zosagwira ntchito, zongodya malo, ngati anthu ena m'nyumba muno."

Chitsiriza anadziwa kuti akunena iyeyo. Anali atangomaliza sukulu, akudikira zotsatira za mayeso, ndipo ankagona pamphasa pabalaza. Koma mumtima anali atamanga kale nyumba: kachipinda ka makatani achikasu, iye ndi mwanayo, maluwa m'chitini pazenera, ntchito m'sitolo ya mabuku. Anazinena zonsezo mothamanga, mawu akupondana. Azakhaliwo anaseka mpaka kutsokomola. Anam'funsa ngati makatani achikasuwo amaphikidwa ndi mchere kapena shuga, n'kumukumbutsa kuti ngakhale sopo yemwe anachapira zovalazo anabwera m'chikwama chawo.

"Ali moyo munkamuopa," anatero Chitsiriza. "Mwadikira agone kuti mum'dule ndi lezala. Kuchipatala munabwerako kangati?"

"Iwe mwana, ine ndalera ana atatu. Iwe walera chiyani? Zikhadabo?"

Chitsiriza anaponya zovala pansi n'kugwira mkono wa juzi. Anakokerana. Juziyo inatanuka, lezala linaterereka, ndipo chala cha azakhali chinatuluka magazi omwe anadonthera pakolala pomwe panali y.

Ndi mmene bambo a mwanayo anawapezera. Anaima pakhomo atavala malaya omwe anapita nawo kumanda, ndevu zosameta, maso ali pansi. Chiyambire maliro ankalankhula ngati munthu amene mawu akuwagula. Akazi awiriwo anam'thira milandu nthawi imodzi, wina akuonetsa chala, wina juzi. Iye anadikira atope, kenako anati abwana amuimbira, lole ikunyamuka mawa, ndipo mwana apita ndi achemwali ake chifukwa kumeneko kuli bedi, kuli mpanda, kuli munthu wamkulu.

"Nanga dzina, alamu?"

"Dzina silidyedwa, mlamu. Zisiyeni."

Anatuluka. Chitsiriza anafuna kum'thamangira, kumuuza kuti mkazi wake wam'kwirira kawiri. M'malo mwake anakhala pansi pafupi ndi makina osokera omwe anali ovundikiridwa ndi nsalu, n'kulumbira chamumtima kuti sadzalankhulanso ndi munthu aliyense wa banja limeneli mpaka imfa.

Masana onse anagwira ntchito osayang'anana. Azakhali anamanga chala ndi kansanza n'kupitiriza: madiresi, masokosi, kathumba ka mabuku, ngakhale kampango kopukutira mphuno, chilichonse chinali ndi dzina. Ankadula uku akung'ung'udza kuti mkaziyu analibe ntchito ina kodi. Chitsiriza ankapinda zomwe zadulidwa, tizibowo ta singano tikuonekabe pansalu, n'kuziponya m'thumba mwamphamvu kuti amve.

Thumbalo litadzaza, azakhali anam'lamula kuti atsitse sutikesi yomwe inali pamwamba pa kabati. Inali yolemera. Atatsegula anapeza madiresi atsopano, osavalidwapo, opindidwa bwino. Azakhali anatambasula yapamwamba n'kunena kuti ndi yaikulu, telala wanji wosadziwa msinkhu wa mwana wake. Yachiwiri inali yaikulu kuposa yoyambayo. Yachitatu inali ndi malo a chifuwa.



Azakhali ankatulutsa imodziimodzi n'kumaziyala pabedi, ndipo mwanayo ankakula pamaso pawo: wa zaka zisanu ndi zitatu, wa zaka khumi, namwali. Mkati mwa kolala iliyonse munali dzina, lonse lathunthu. Pazoyambirira ulusi unayenda mowongoka. Pazapansi unayamba kudzandira, zilembo zikutsamirana ngati anthu otopa. Chitsiriza anakumbukira miyezi yomaliza ija, mkulu wake atatsamira mapilo, akumuthamangitsa m'chipinda kuti akusoka za makasitomala.

Yomaliza inali yabuluu, yoti ikanam'kwana Chitsiriza yemwe. Dzina linalekera panjira. Pomwe panayenera kukhala h panali singano, yobayidwa m'nsalu, kaulusi kakafupi kakulendewera.

Panja mwanayo anakodwa chingwe, anzake n'kuseka, iyenso n'kuseka.

Azakhali anayang'ana kolalayo nthawi yaitali. Kenako anam'ponyera Chitsiriza diresiyo pachifuwa.

"Maliza. Suja umalikonda dzinali."

Chitsiriza anagwira singano. Mkulu wake anayesapo kangapo kum'phunzitsa, koma iye ankathawira kumabuku, ati kusoka n'kochedwa. Anabaya kamodzi, ulusi unasololoka m'diso la singano.

"Sukulu yonse ija," anatero azakhali, n'kumulanda. "Mwana ndikupita naye mawa, usaganize kuti ndasintha. Ndipo kalaliki akandivutitsa, ndidzakutuma iweyo ukaime pamzerepo."

Anasendera kuzenera komwe kunali kuwala, anafunafuna m'kabokosi ka malemu mpaka anapeza ulusi wofanana, n'kuunyowetsa ndi malovu. Anayesa kuulowetsa, unakana. Anayesanso.

"Usangoima ngati mzati. Lowetsa apa, maso anga saona."

Chitsiriza analowetsa. Azakhali anayala kolala pabondo, chala chomanga chija chili m'mwamba, n'kuyamba kamzere koyamba ka h, akupendeketsa pang'ono kuti kafanane ndi zinzake.