Kompyuta Imene Idrisa Sanayatse

Fani inazungulira, sikirini inawala, kenako zonse zinangoti zii.

"Yathimanso," anatero Nasri, mng'ono wake wa malemu Idrisa, ali chilili pakhomo la shopu. "Naima, lole ija ndalipira ine, osati bokosi lakoli."

Naima anali atagwada pasimenti, mutu uli m'mimba mwa kompyuta. Bambo ake, a Idrisa, anaimanga okha ndi zipangizo zimene anakagula ku Kariakoo, msika wa ku Dar es Salaam umene munthu amalowamo ndi chikwama chopanda kanthu n'kutulukamo atasenza fakitale. Ankafuna kuti mwana wawo azitaipa ndi kusindikiza mapepala a asilikali ndi aphunzitsi a pa Chilumba. Anamanga sikuluwu yomaliza madzulo, m'mawa mwake anagwa pamkeka wopemphererapo, osadzukanso. Sanaiyatsepo.

Sadaka itatha, Nasri anagamula. Mlamu wake Shamima, mayi a Naima, atsala m'nyumba mpaka nthawi yake yolira ithe, koma Naima akwera lole ya katundu kupita ku Mangochi, kumene wogulitsa matayala wina anali atamufunsira kale. Mtsikanayo anachonderera mpaka anapatsidwa mpata umodzi: makinawo akayaka osathimanso, ndiye kuti ali ndi ntchito, atsala ndi mayi ake.

Naima anazula ramu, kathabwa kosunga zimene makina akugwira, naipukuta, naibwezera mpaka inati khethe. Anadina batani. Kuwala, kenako mdima. Anayesa soketi ina. Anatsatira waya aliyense ndi chala. Palibe.

"Ine ndaona makompyuta, mwanawe," anatero Nasri. "Ku Joni, ku Dubai. A ku Dubai amakupatsa moni usanawagwire. Ichi ndi chipanda cha nkhunda."

"Alamu, musiyeni mwana agwire ntchito," anatero Shamima ali kuseri kwa katani. Mwambo sunkamulola kuonekera, koma pakamwa sunamutseke.

"Ndikumuthandiza, mlamu. Mtsikana azikhala yekha m'shopu, pafupi ndi baraki? Anthu adzati banja lathu lilibe amuna."

"Bambo ake anaona barakiyo asanagule makinawo."

Panja Ambokile, dalaivala wa lole, analiza hutala. "Bwana, twende! Chitunda cha Chiweta sakwera usiku ndi katundu wotere!"

Naima anali ataona chinthu chimodzi: akaiyatsa itapuma, inkakhalitsako pang'ono; akaiyatsa nthawi yomweyo, inkafa msanga. Kutentha. Koma fani inkazungulira bwinobwino. Anagwira chitsulo choziziritsa purosesa, ubongo wa makinawo. Chinali chozizira ngati mtsuko, pamene m'mbali mwake munkatuluka kafungo kofunda.

"Bambo aang'ono, ndipatseniko kanthawi."

"Ndakupatsa m'mawa wonse." Nasri ananyamula chikwama cha Naima n'kuchiika pakhomo. Kenako anayang'ana shopu yonse, napukusa mutu. "Achimwene nawonso! Munthu woti akanamanga kompyuta? Taonani rimoti, ili m'pulasitiki. Wotchi ya pakhoma, m'pulasitiki. Njinga yamoto yakalamba, chishalo chikadali chovekedwa. Tili ana, nsapato za chikondwerero cha Idi ankayenda nazo m'jumbo, iye ali chosavala, kuti zisathe unyuwani."

Naima anadzutsa mutu. Anayang'ana rimotiyo. Anatola sikuludiraiva.

"Ukuphwasulanso? Ambokile, bwera unyamule!"

"Asalowe!" anakuwa Shamima. "Aliyense wogwira bokosilo ayambe wandidutsa ine, ndipo ndituluka momwe ndililimu."

Ambokile anaima pakhonde, chipewa m'manja. Sikuluwu zinatuluka. Naima anatembenuza chitsulo chija. Kunsi kwake, pamene chimayenera kukhudzana ndi purosesa n'kuyamwa kutentha, panali kapulasitiki kowonekera, kosalala, kokhala ndi malemba ofiira ouza munthu kuti akachotse asanamange. A Idrisa anali atapaka mafuta otuwa aja mosamala, n'kukasiya kapulasitiki pomwepo.

Naima anakamatula. Anapukuta, nafinya mafuta otsala m'kachubu, namanganso. Anadina batani.

Fani inazungulira. Sikirini inawala. Palibe amene anapuma. Hutala sinalirenso. Malemba anabwera, ena anatsatira, ndipo kuwalako kunakhala.

"Dikirani, ithima," anatero Nasri, koma mawu ake anali atachepa.

Anadikira. Ntchentche inatera pasikirini, inayenda, inauluka. Kuseri kwa katani kunamveka kulira kotsika.

Nasri anatenga kapulasitiki kaja patebulo, nakayang'anitsitsa padzuwa. Anawerama, nachotsa chikwama cha Naima pakhomo, nachibweza kuseri kwa kauntala.

"Ambokile, liza injini. Tikwera awiri."

Atafika pakhomo anabwerera. Pansi panali jumbo yaikulu imene munabwera kiyibodi. Anaitola, naikutumula fumbi, navundikira kiyibodiyo, n'kupinda m'mbali monse bwinobwino mpaka mabatani onse anabisika.

"Uzitaipa pamwamba pake," anatero osamuyang'ana. "Isathe unyuwani."