Itto Anaphunzira Kukhala Chete

Bungwe lina la zaumoyo litafika kumapiri kwathu, linalonjeza kuphunzitsa amayi awiri m'mudzi uliwonse kuti akhale alangizi a zaumoyo. Awiri, kuti wina akafooka mnzake amugwire mkono. Mudzi wa Ait Wazzan unasankha Itto ndi Rabha, ndipo palibe amene anadabwa. Awiriwa ankadyera mbale imodzi chiyambire utsikana wawo, anakwatiwa chaka chimodzi, ndipo amuna awo onse anali kutali, kukagwira ntchito ya zomangamanga kumizinda. Koma thandizo la ndalama limaonda likamakwera phiri. Pofika kwathu linangokwana munthu mmodzi, ndipo anatenga Itto chifukwa ankatha kuwerenga pang'ono.

"Pita iwe," anatero Rabha, akumumangira mkate wa balere m'kansalu. "Ukabwera udzandiphunzitse. Koma ukangobwera ndi nsapato zogogoda, ndidzakukankhira mumtsinje."

Kutauni Itto anaphunzira kuyeza kuthamanga kwa magazi, kukweza ana pasikelo, ndi kuzindikira mayi woyembekezera amene ayenera kutsika phiri chipale chofewa cha nyengo yachisanu chisanatseke msewu. Zonsezo zinalowa m'mutu mosavuta. Tsiku lina namwino wowaphunzitsa anagogoda tebulo nati, "Zimene mwaona m'nyumba ya munthu zitsale m'nyumba momwemo. Ngakhale mayi wokubalani asamve." Amayi onse m'kalasimo anaseka, Itto nayenso anaseka. Koma namwino uja anawalumbiritsa, ndipo Itto sanali munthu wolumbira mwamasewera.

Namwinoyo anali wakutauni, sakanadziwa. Kwathu mkazi salowa m'nyumba ya mnzake chimanjamanja. Mwini nyumba akakuthirira tiyi, iwe umamuthirira nkhani za kumene wachokera: ndani wadwala, ndani wakangana ndi apongozi, mwana wa ndani wayamba kuyenda. Si miseche ayi, kapena tinene kuti si miseche yokhayokha. Ndi mmene timadziwira koyenera kupititsa msuzi. Munthu womwa tiyi wako n'kutuluka osasiya kanthu timamuyesa wodzikuza, kapena kazitape.

Tsono Itto anabwerera ndi chikwama cha buluu, nayamba kulowa nyumba zonse za m'mudzi, mpaka kuchipinda. Amayi anasangalala kuti apeza wowabweretsera nkhani za mudzi wonse pakamodzi. Ankamuthirira tiyi wambiri shuga, n'kukhala dwii kumuyang'ana pakamwa.

"Kwa a Bassou ali bwanji? Tinakuona ukutulukako."

"Ali bwino, Mulungu atamandike."

"Basi?"

"Basi."

Rabha ankamuikira kumbuyo. "Musiyeni, mutu wadzaza Chiarabu cha m'mabuku, udzaphwa wokha," ankatero. Mumtima ankadziwa kuti ena onse angamanidwe, koma iye ayi.

Rabha anali ndi mpongozi, Tuda, mtsikana wofatsa amene anali atakhala pabanja kanthawi popanda mwana. Tsiku lina Tuda anaoneka akutuluka kwa Itto atabisa dzanja m'chovala. Mawa lake Itto ndi Rabha akupota ubweya wa nkhosa pakhonde, Rabha anafunsa mongoseka.

"Iwe, mpongozi wanga amafuna chiyani kwanu?"

"Ukamufunse yekha."

"Ndikufunsa iwe. Kodi ndi mapilitsi olera aja? Kapena ali ndi vuto? Ngati ndi vuto ndigulitsa mbuzi, ndimutengere kuchipatala. Ine si mfiti."

"Ndikudziwa, mnzanga. Koma sindingathe."

"Sungathe? Kwa ine? Ine amene ndinakugwira msana ukubereka Haddou, ukutukwana mwamuna wako ndi makolo ake omwe? Ndinauza ndani?"

Itto anangoyang'ana ubweya uli m'manja mwake. Mawu anali pakhosi penipeni, ndipo anali mawu ochepa, osaopsa n'komwe. Akanangowalavula, madzulo akanadyera limodzi. Anawameza.

Rabha anakulunga ubweya wake naimirira. "Pepani, Lalla Itto, dona wamkulu, adokotala athu. Sindinadziwe kuti maphunziro aja anali ophunzira kukana anthu. Bola anatenga inu."

Kuyambira pamenepo mudzi unamuzizirira Itto. Sanamunyoze ayi, anthu athu sachita zimenezo poyera. Ankamupatsa moni wonse mwaulemu. Koma akafika pamtsinje nkhani inkasanduka ya nyengo. Rabha atayamba kuluka kapeti yatsopano anaitana amayi kudzamuthandiza kukoka ulusi, monga timachitira, ndipo Itto anangomva nyimbo zawo ali kwawo, akutsuka sikelo yoyera kale. Mwana akatentha thupi ankamuthamangira, inde, koma tiyi ankamuthirira kapu imodzi yokha. A bungwe aja anabwera kamodzi, anamujambula atanyamula chikwama, anamuyamikira kuti ndi chitsanzo, n'kutsika phiri dzuwa lisanapendeke. Itto anasungulumwa kwambiri, kusungulumwa kwa munthu amene amadziwa za aliyense koma palibe womufunsa zake. Nthawi zina ankaganiza kuti akanapita awiri, bwenzi akukhala chete limodzi.

Chisanu chinatha, mitengo ya amondi inachita maluwa. Tsiku la msika masana, mudzi uli zii, Rabha analowa kwa Itto osaodira natseka chitseko. Anali ataonda. Itto anathamangira ketulo.

"Siya tiyi," anatero Rabha. "Sindinabwere kudzacheza."

Anamasula chovala, nagwira dzanja la Itto n'kuliika pansi pa bere lakumanzere. Panali chotupa cholimba, chosasuntha. Itto anachikhudza mmene anamuphunzitsira, kenaka anachikhudzanso, akufuna kuti zala zake zikhale zikunama.

"Chinayamba liti?"

"Kale. Usanayambe kunyada." Rabha anayesa kuseka. "Ndinazungulira mudzi wonse m'mutu mwanga, kufuna woti ndimuonetse. Aliyense akanafika nazo pamtsinje dzuwa lisanalowe. Ndatsala ndi mwana wamkazi wosakwatiwa, Itto. Ndani angafunsire m'nyumba ya matenda otere? Ndiye ndinati, pali galu mmodzi m'mudzi muno amene sauwa."

"Galu ndiwe," anatero Itto, misozi ili mbwembwembwe. "Uyenera kutsika, ukaonane ndi madokotala. Sabata ino. Ine ndikudziwa khomo lolowera, ndikuperekeza. Tidzakhala limodzi mpaka..."

"Ayi."

"Rabha!"

"Ganiza, adokotala. Ine ndi iwe sitiyankhulana, mudzi wonse ukudziwa. Tikakwera galimoto imodzi, iwe ndi chikwama chakocho, adzati chiyani? Ndipita ndi mwana wanga wamwamuna, ndidzati ndikukaona mchemwali wanga. Iwe ungondiuza khomolo. Ndipo tikakumana panjira uzindidutsa monga kale. Usandiyang'ane ndi maso achisoniwo, angandigwire nawo."

Itto anamuuza khomolo, ndi dzina la namwino woti akamufunse. Rabha anamanga chovala chake, nafika pachitseko, naima pang'ono. Anabwerera n'kupsompsona Itto pamutu, mwamsanga, ngati akuba, natuluka.

M'mawa wa ulendo amayi anasonkhana pamsewu kudzatsazika Rabha, akumupatsira mazira ndi moni wopita kwa mchemwali wake, akumuseka kuti akabwere atanenepa. Itto anadutsa pomwepo akupita kukayeza mwana kumtunda kwa mudzi. Mayi wina anamukodola Rabha ndi chigongono.

"Taona mnzako uja. Ngakhale kukufunira ulendo wabwino?"

"Musiyeni," anatero Rabha mokweza. "Ameneyo alibe mtima."

Itto anapitirira, maso ali kutsogolo. Anamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa, anamva injini ikulira, ikutsika, ikuchepa mpaka kuzimirira kuseri kwa phiri, ndipo sanacheuke.